Mafunso ndi mayankho: kuphwasula, kumanganso ndi kupenta injini ya Honda CG125 yakale pakhomo

Njinga yanga ndi Honda CG125 yakale, ya mapointi (tizitsulo tiwiri totseguka ndi kutseka kuti pulagi itulutse moto) ndi magetsi a 6V, imene malume ankayendera nthawi imene anali mlangizi wa zaulimi. Inakhala zaka zambiri kuseri kwa nkhokwe, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Nditaitenga ndinaphwasula injini yonse pakhonde, ndinaimanganso, kenako n'kuipenta. Chiyambireni kuyenda nayo, paliponse ndikaima pamabwera munthu ndi funso, ndipo ambiri amayambira pa penti. Mafunsowo ndawasonkhanitsa pano, koma ndawasanja motsata mmene ntchitoyo imayendera. N'chifukwa chake a penti ali kumunsi.

Bwanji osangogula injini yatsopano ya ku China n'kuikapo?

Mukhoza kutero, ndipo mwina ndi njira yachidule. Injini zambiri za njinga za kabaza, zija zimalembedwa 156FMI pambali, zinatengera pa CG125 yomweyi. Koma taonani kumene injini yakaleyi inachokera. Mu 1974 a Honda anatumiza akatswiri awo ku maiko monga Thailand ndi Indonesia kuti akaone mmene anthu amagwiritsira ntchito njinga zamoto. Anapeza kuti njinga imodzi imanyamula banja lonse ndi katundu, oyilo sasinthidwa mpaka atada bii, ndipo kwa makaniko imapita ikafa basi. Injini za Honda za nthawi imeneyo, zokhala ndi camshaft (chitsulo chozungulira chotsegula mavalavu) m'hedi, zinkawonongeka msanga ndi nkhanza zoterezi. Ndiye mu 1975 anatulutsa CG125: silinda imodzi ya 124 cc, yotambalala 56.5 mm, pisitoni yoyenda 49.5 mm, camshaft ili pansi pafupi ndi oyilo, mavalavu akukankhidwa ndi timitengo tiwiri tachitsulo, mapushirodi. Inapangidwira misewu ngati yathu, ndiponso kuti munthu wa zida zochepa azitha kuikonza.

Palinso nkhani ya mapepala. Nambala ya injini imalembedwa m'mapepala a njinga, ndiye mukasintha injini muyenera kukasinthitsanso ku Road Traffic.

Ndidziwa bwanji kuti injini ikufunikadi kuphwasula?

Musathamangire sipanala. Injini zambiri zimene anthu amati zafa zimakhala kuti zangonyalanyazidwa. Yambani mwatsuka kabureta, ikani pulagi yatsopano, ikani mpata wa mavalavu pa 0.08 mm injini ili yozizira, ndipo ngati ndi ya mapointi onani kuti akutseguka pakati pa 0.3 ndi 0.4 mm. Mukatero iyeseni. Utsi wakuda ndi wa petulo wochuluka, vuto la kabureta kapena sefa ya mpweya. Utsi wabuluu wosaleka ndi oyilo akupsa, ndipo apo ndiye maringi a pisitoni, silinda kapena mavalavu atopa. Kiki ikamangotsika yopanda kulimbana ndi phazi, mphamvu ikuthawira penapake. Kugogoda kolemera kochokera pansi kumaloza ku beringi ya koni rodi, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi kirankishafiti.

Ngati njinga yakhalitsa ndipo kiki yauma gwa, musaidumphire. Chotsani pulagi, thirani oyilo wosakaniza ndi palafini pabowopo, isiyeni masiku atatu kapena sabata, kenako muziyesa kuzunguza pang'onopang'ono ndi sipanala pa nati ya flywheel (gudumu lolemera la kunsonga kwa kirankishafiti), uku ndi uku. Yanga inagonja tsiku lachisanu.

Pafunika zida zanji?

Masipanala ndi masoketi a 8, 10, 12, 14, 17 ndi 24, pulayazi, hamala ya labala, feeler gauge yoyezera mipata, ndi impact driver yomasulira masikuruwu pomenya ndi hamala. Zitatu izi ndi zobwereka kapena kugula, zilibe cholowa m'malo: puller yozulira flywheel, soketi ya mano anayi yomasulira nati ya sefa ya oyilo, ndi torque wrench yomangira manati pa muyezo wake. Ndaonapo flywheel yomenyedwa ndi hamala mpaka nsonga ya kirankishafiti kupindika, ndipo injini yoteroyo simalekanso kunjenjemera.

Ndilibe galaja. Pakhonde pangatheke?

Pangatheke, bola pakhale pa simenti, posesedwa, ndi tebulo kapena chitseko chakale chogoneka pa njerwa. Mdani wamkulu ndi fumbi ndi kusokoneza tizipangizo. Jambulani ndi foni chilichonse musanachimasule. Tengani katoni, jambulanipo chithunzi cha kava iliyonse, boolani, muzibaya bawuti iliyonse pamalo pake, chifukwa mabawuti a makava amasiyana kutalika ndipo yaitali ikalowa pabowo lalifupi imang'amba aluminiyamu. Tina tonse tiike m'mabotolo odula kapena m'timapepala tapulasitiki tolembedwa. Madzulo vindikirani ndi nsalu yoyera. Ana amakonda timipira ta m'maberingi, choncho awuzeni bwinobwino, ndipo mbaula ikhale kutali ndi pamene pali palafini ndi thinazi.

Masikuruwu a makava akungotereka mitu. Nditani?

Masikuruwu a njinga zakale za ku Japan amaoneka ngati a sitala wamba, koma anadulidwa pa muyezo wawo wotchedwa JIS, ndipo sikurudiraiva wamba imatumphuka n'kudya mutu. Impact driver ndiyo mankhwala ake: kaikeni bwino, menyani kamodzi mwamphamvu. Mutu ukatheratu, boolani ndi dirilo mpaka mutuwo uduke, chotsani kava, kenako gwirani chotsalacho ndi vice grip. Pomanga ndinasintha onse n'kuika mabawuti a Allen.

Akuti injiniyi ilibe sefa ya oyilo. N'zoona?

Si zoona, ndipo bodza limeneli lapha injini zambiri. Ili ndi ziwiri. Yoyamba ndi kasefa kawaya kokhala ndi sipuling'i, kuseri kwa chotsekera chachikulu cha 24 mm kumanzere, pafupi ndi chosinthira magiya. Kameneka ambiri amakadziwa. Yachiwiri ili m'kati mwa kava ya kilatchi, kunsonga kwa kirankishafiti: kambale kozungulira kotsekedwa ndi masikuruwu atatu. Kamazungulira limodzi ndi injini, ndipo oyilo akamadutsamo zinyalala zolemera zimaponyedwa kukhoma lake n'kumatirira.

Tsiku limene ndinatsegula kanga sindidzaliiwala. M'kati munali phala lotuwa, louma ngati dongo la m'dambo mwezi wa October, lodzaza mpaka pakamwa. Nditalipala ndi kamtengo n'kulifikisa pa zala, linkanyezimira tizitsulo. Kambale kakadzaza chotero kamaleka kugwira kanthu, ndipo zinyalala zonse zimapita molunjika ku beringi ya koni rodi. Ngakhale mutasankha kusaphwasula injini yanu, tsegulani kava imeneyi, palani kambaleko, tsukani ndi palafini, ikani gasiketi yatsopano. Pa ntchito yonseyi, pamenepa ndi pamene ola limodzi limagula zaka zambiri.

Ndingosintha maringi, kapena ndikagobetse silinda?

Funso ili limayankhidwa ndi muyezo, osati ndi maso kapena thumba. Yendetsani chikhadabo m'kati mwa silinda kumtunda. Chikakodwa pa kamzere kamene maringi amalekezera, kapena mukaona mikwingwirima yozama yotsika, maringi atsopano sathandiza. Adzangotha msanga ndipo utsi udzabwerera. Tengani silinda ndi pisitoni mupite nazo kwa amisiri a makina amene amachita rebore (kugoba silinda kuti ikule), akayeze. Mapisitoni okulirapo amabwera motere: 0.25, 0.50, 0.75 ndi 1.00 mm. Gulani pisitoni kaye, muipereke pamodzi ndi silinda, kuti agobe molingana ndi pisitoni imeneyo. Musalumphire pa 1.00 pofuna mphamvu. Simudzamva kusiyana, ndipo mwadya mipata yonse yodzakonzera m'tsogolo.

Silinda ikakhala yabwino, ingofunika honing yopepuka (kukwecha m'kati mwake pang'ono ndi makina) kuti maringi apeze pogwira. Musanaveke maringi pa pisitoni, lowetsani imodziimodzi m'silinda, ikankheni ndi mutu wa pisitoni kuti ikhale mowongoka, yezani mpata wa kunsonga. Ukhale pakati pa 0.15 ndi 0.35 mm. Ukachepa, ringi ikatentha imatupa, nsonga zimagundana, n'kuthyoka.

Silinda ikabwera kuchokera kumakina itsukeni ndi madzi otentha a sopo ndi burashi, mobwerezabwereza, mpaka kansalu koyera kopaka oyilo kazituluka koyera. Palafini yekha sachotsa mchenga wa honing.

Nanga hedi?

Tembenuzani hedi, thirani palafini m'njira ya kabureta ndi ya ekizozi, muone ngati akutulukira pamavalavu. Akamanyowa, chotsani mavalavu, palani mwaye, pakani grinding paste pang'ono n'kumapekesa ndi kamtengo ka labala pakati pa zikhatho, ngati mukupekesa moto, mpaka paoneke mzere wotuwa wosadukiza kuzungulira. Tsukani phalalo lonse. Valavu ikamagwedera kwambiri m'njira yake, ntchito imeneyo ndi ya kumakina.

Kodi ndiyenera kutsegula kirankikesi pakati?

Gwirani koni rodi, ikokeni mmwamba ndi kuikankha pansi. Kugwedera cham'mbali pang'ono n'kwachibadwa, koma mmwamba ndi pansi isasunthe n'komwe. Ikakhala yolimba, magiya ankalowa bwino, ndipo oyilo munalibe madzi, mukhoza kuisiya. Ikagwedera, tsegulani, koma kirankishafitiyo ndi yopanikizidwa ndi makina, kotero kusintha koni rodi kumafuna press ndi mmisiri wodziwa kuiwongola. Magiya muwatulutse pamodzi, muwamange ndi labala kapena waya kuti mawasha asasokonekere.

Zipangizo zimapezeka?

Zimapezeka, chifukwa cha kuchuluka kwa njinga za kabaza. Ku Limbe, ku Ndirande, ngakhale cha ku Malangalanga ku Lilongwe, magasiketi, maringi, mapuleti a kilatchi ndi masili a injini za mtundu wa CG ndi osasowa. Koma si zonse zimene zimalowa pa Honda yakale, makamaka za kumbali ya magetsi, poti zatsopanozi ndi za CDI (moto wa pulagi wopanda mapointi) ndi 12V. Nyamulani chakale m'manja mukachiyerekeze pa kauntala. Maringi, maberingi ndi timakilipu ta pini ya pisitoni musagule totchipitsitsa. Timakilipu timeneti musabwezerepo takale zivute zitani.

Nditsuke ndi chiyani ndisanapente? Wina wandiuza za caustic soda.

Ayi, chonde musayerekeze. Hedi, makava ndi kirankikesi ndi za aluminiyamu, ndipo caustic soda amadya aluminiyamu: imada, imachita timaenje, ndipo pokhala gasiketi pamawonongeka. Mankhwala otsukira uvuni nawonso ndi amodzimodzi. Petulo musatsukirenso, moto wake suchenjeza.

Yambani ndi palafini ndi burashi kuchotsa girisi ndi matope. Pakati pa zipsepse za silinda ndi hedi lowetsani kamtengo kokulunga nsalu, mpata umodziumodzi. Kenako madzi otentha ndi sopo wotsukira mbale, tsukuluzani, yanikani padzuwa. Penti yakale yofundukafunduka ichoke ndi paint remover yolembedwa kuti siwononga aluminiyamu, kapena ndi sandipepa. Ufa woyera umene umamera pa aluminiyamu yakale uchoke wonse, apo ayi udzatukula penti kuchokera pansi. Kwechani paliponse ndi sandipepa ya 320 kapena 400 kuti penti ipeze pogwira. Pomaliza pukutani ndi thinazi pa nsalu yoyera, kusintha nsalu mpaka isamade. Kuyambira pamenepo musagwirenso ndi manja, valani magolovesi.

Aluminiyamu yakale imamwa oyilo m'timabowo tosaoneka. Mukaiika padzuwa la masana mudzaona timadontho tikutuluka pamene munapukuta kale. Pukutaninso, yanikaninso, mpaka ileke kutuluka thukuta. Ine kutsuka kunanditengera masiku anayi, kupenta theka la tsiku.

Sandblasting, yoyeretsa chitsulo powomba mchenga ndi kompuresa, si yachangu?

Ndi yachangu, ndipo imayeretsa zipsepse bwino kuposa dzanja. Koma mchenga umabisala m'njira za oyilo ndi m'mabowo a mabawuti. Kale ndinapereka hedi ya njinga ina pamalo ena, iwo sanatseke mabowo, ine sindinatsuke mokwanira, ndipo patangotha milungu yochepa silinda yatsopano inali itakandikakandika. Zinandipweteka kwambiri chifukwa njingayo inali ya mnzanga amene anandikhulupirira. Mukasankha njirayi, chipangizo chikhale chopanda beringi kapena sili iliyonse, mabowo onse atsekedwe, ndipo chikabwera mutsuke njira iliyonse ndi kuipemerera ndi kompuresa kangapo.

Ndipente zipangizo payokhapayokha kapena injini itamangidwa?

Payokhapayokha, rebore ndi ntchito ya mavalavu zitatha, koma musanamange. Mukapenta yomangamanga, penti imakuta mabawuti, magasiketi ndi mawaya, ndipo aliyense wodziwa amaona kuti yangophimbidwa.

Matani masking tape pamalo onse okhala gasiketi, dulani m'mbali ndi lezala. Tsekani m'kati mwa silinda, bowo la pulagi, njira za kabureta ndi ekizozi, pokhala masili, ndi mazinga a mabawuti. Siyani chitsulo choyera pamene injini imakhudzana ndi felemu ndi pomangira waya wa earth, apo ayi moto wa pulagi udzafooka n'kumasakasaka vuto kumene kulibe. Nambala ya injini musaikweche ndi sandipepa kapena kuikwirira ndi penti yambiri. Iziwerengeka bwino pa roadblock.

Penti yake iti?

Osati penti ya mageti kapena ya m'chitini wamba chopopera. Imafewa ndi kutentha, n'kununkha, n'kusenda. Funani ya m'chitini yolembedwa engine enamel, imene imapirira mpaka cha m'ma 260°C. Imeneyi ndi yokwanira pa kirankikesi, makava, silinda ndi hedi. Ya ekizozi ndi ina, yopirira 600°C kapena kuposa, ndipo ndi ya paipi basi: kuti ilimbe imafuna kutentha kumene makava safikako, ndiye pa kava imakhala yofewa mpaka kalekale.

Aluminiyamu imakana penti ikakhala yopanda primer, penti yoyamba yothandiza kuti inayo igwire. Pa makava ndi kirankikesi ikani etch primer kamodzi, mopyapyala. Pa hedi ndi silinda gwiritsani primer yopirira kutentha ya kampani imodzimodzi ndi pentiyo, kapena tsatani zimene chitini chanena. Kusakaniza mitundu ya makampani osiyana nthawi zina kumakwinyitsa penti ngati khungu la nkhalamba. Penti ya 2K (yosakaniza ndi mankhwala oumitsa) imalimba kwambiri ndipo petulo saisungunula, koma ili ndi mankhwala oopsa kumapapo, kotero ndi ya kwa opopera magalimoto okhala ndi zovala zake, osati pakhonde.

Ndipopere motani, ndipo nyengo iti?

Khutchumulani chitini mphindi ziwiri zathunthu. Imani patali pafupifupi 25 cm, yambani kupopera musanafike pa chipangizo, malizani mutachipitirira. Ulendo woyamba ukhale ngati nkhungu chabe, chitsulo chizionekabe. Dikirani mphindi 10, bwerezani, dikiraninso, kenako wachitatu wonyowa pang'ono. Pa silinda ndi hedi yambani ndi kulozetsa m'mipata ya zipsepse kuchokera mbali zingapo, kunja kubwere pomaliza, chifukwa mukayamba kunja penti imayenderera m'nsonga m'kati musanafike. Zipangizo zikoloweke pa waya kuti muzizungulira. Valani chotchinga mphuno chenicheni, ndipo pakhale podutsa mpweya.

Nyengo imavuta kuposa dzanja. Nthawi ya mvula ndi masiku a chiperoni mpweya umakhala ndi chinyezi, ndipo penti imachita mbuu. August ndi September kuli mphepo ndi fumbi. Masana a October penti imauma isanafike pachitsulo n'kukhala yokhakhala. Ine ndinapenta m'mwezi wa May, cha m'ma 9 koloko m'mawa, mame atauma, nditawaza madzi pansi kuti fumbi lisadzuke. Ndinazisiya sabata yathunthu ndisanazikhudze ndi sipanala.

Penti siitenthetsa injini?

Yopyapyala siitenthetsa. Chimene chimatenthetsa ndi penti yochindikala yodzaza mipata ya zipsepse, komanso matope ouma amene njinga zambiri zimayenda nawo chaka chonse.

Mtundu uti umakhala bwino?

Ndi kukonda kwanu. Ine ndinasankha siliva pa kirankikesi ndi hedi, yakuda yosawala kwambiri pa silinda, kenako ndinakwecha nsonga za zipsepse kuti chitsulo chioneke. Kava ya mavalavu sindinaipente: ndinaikwecha ndi sandipepa yonyowa kuyambira 400, 800, mpaka 1500, n'kumaliza ndi polishi ya zitsulo. Imafuna kupukuta kawirikawiri, koma dzuwa likaiwomba palibe penti yofanana nayo.

Pomanga ndisamale ziti?

Manja oyera, tebulo loyera, ndipo chilichonse choyenda chipakidwe oyilo chisanalowe. Kadontho ka pa giya ya camshaft kayang'anizane ndi ka pa giya ya kirankishafiti. Mukaphonya dzino limodzi injini siyenda bwino. Pisitoni ili ndi chilembo IN, chimenecho chiloze kumbali ya kabureta. Maringi ali ndi kachilembo kamene kamayang'ana mmwamba, ndipo mipata yawo itayane kuzungulira pisitoni, isafole mzere umodzi. Poika timakilipu ta pini tsekani kukamwa kwa kirankikesi ndi nsalu, chifukwa kakagwera m'kati mutsegulanso zonse. Madawo (timapaipi tachitsulo tolunjikitsa zipangizo) ndi timalabala ta panjira ya oyilo tibwerere pamalo pake. Silicone musamwaze, yotsala imathothokera m'kati n'kutseka njira za oyilo. Manati a hedi mangani modumphanitsa, pang'onopang'ono maulendo atatu, ndi torque wrench pa muyezo wa m'buku la chaka cha njinga yanu. Kulungani soketi ndi tepi kuti isakande penti. Pomaliza ikani chilembo T cha pa flywheel pa kamzere kake, pisitoni ili pamwamba mavalavu onse otseka, n'kuika mpata wa 0.08 mm.

Tsiku loliza koyamba ndichite chiyani?

Thirani oyilo wa njinga zamoto, 20W-50 kapena 10W-40 wolembedwa JASO MA kuti kilatchi isamaterereke, pafupifupi lita imodzi, muone pa kamtengo koyezera. Pulagi isanalowe, menyani kiki maulendo 20 kapena 30 kuti oyilo ayende. Ikalira, masulani pang'ono kava ya mavalavu mutsimikize kuti oyilo akufika kumtunda. Ngati pauma patatha mphindi imodzi, zimitsani.

Padzatuluka kautsi ndi kafungo kuchokera pa penti, musadabwe, ikupsa kuti ilimbe. Musaisiye ikulira pamalo amodzi nthawi yaitali, poti injiniyi imazizira ndi mphepo. Yendani nayo mphindi 10, izizire kotheratu, yendaninso mphindi 20, izizirenso. Kutentha ndi kuzizira kumeneku ndiko kumaumitsa penti, choncho uvuni wophikira chakudya usalowetsedwe m'nkhaniyi. Makilomita 1,000 oyamba musaikoke mpaka kumapeto, musanyamule katundu wolemera pa zitunda, ndipo muzisinthasintha liwiro. Ine oyilo woyamba ndinamutaya pa makilomita 100, wachiwiri pa 500, ndipo nthawi zonse ziwiri ndinatsuka kasefa ndi kuonanso mavalavu. Oyilo wakudayo musathire m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime.

Petulo wadonthera pa penti yatsopano ndipo yachita banga. Ndalakwitsa pati?

Mwina penti inali isanapse mokwanira, koma kawirikawiri vuto limakhala kabureta yodontha. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi Nchalo, ndipo amalimbitsa kapena kufewetsa malabala akale, komanso sachitira chifundo penti ya m'chitini. Sinthani paipi ya petulo, singano ya float (yotseka petulo m'kabureta) ndi gasiketi ya pansi pa kabureta musanalize injini, ndipo muzitseka kampopi ka thanki mukaimika njinga. Petulo akadontha musapukute. Musiyeni aume yekha, chifukwa nsalu ndiyo imakokolola penti yofewayo. Banga likatsala, dikirani sabata, kwechani pamalopo ndi sandipepa ya 600 yonyowa, pukutani, tchingani mozungulira ndi nyuzipepala, n'kupoperanso kawiri mopyapyala.